Abambo Anayeza Lilongwe ndi Tepi

Amayi, kodi muli bwanji kumene munapitako? Ife kuno ku Area 25 tilipo, kungoti fumbi la chaka chino latikwana. Matewera ndikachapa m'mawa, pofika masana amakhala atafiira pachingwe ngati sindinawakhudze n'komwe. Ndakhala ndikufuna kukulemberani chichokere kumanda mu Febuluwale muja, koma ndikangogwira cholembera misozi ndi imene imayamba kugwera papepala. Lero ndili ndi nkhani yoti ikanakupezani muli moyo mukanaseka mpaka kugwira nthiti, ndiye ndati ndisakumaneni.

Ndiyambe ndi za ku Mayani monga ndazimvera. Munda wanu wa kuseri kwa tchalitchi unabereka bwino, achimwene a Yohane anadzaza nkhokwe mpaka pakamwa, ngakhale mtedza wambiri unadyedwa ndi chiswe. Mpongozi wanu Nachisale anachira mu Meyi, mwana wamkazi, ndipo onse akuti chipumi ndi chanu chenicheni. Mbuzi yanu yamawanga ija sinalape. Mwezi watha inalowa m'bafa mwa aneba n'kudya sopo wathunthu, koma palibe amene akulimba mtima kuigulitsa chifukwa inali yanu.

Inenso ndinachira, Amayi. Mimba ija munkaisisita muli gone pamphasa inatuluka mnyamata mu Julaye, wonenepa, wa mawu aakulu ngati bambo ake. Koma mwanayu wakhala masabata asanu ndi awiri wopanda dzina, ndipo mlandu umenewu ndi wanu. Paja tsiku lomwe tinkabalalika pamaliro, Abambo anandiitanira kuseri n'kundiuza kuti dzina la mwana munalisiya kwa iwo, ndi lamulo lake lomwe: lisalembedwe m'kalata, lisatumidwe pakamwa pa munthu wina, akalitchule okha mwanayo ali m'manja mwawo, m'nyumba mwanga muno. Amayi inu, mumadziwa bwino lomwe kuti Abambo chibadwire malire awo ndi pa Linthipe. Zaka zonsezi akusoka pakhonde la sitolo, Lilongwe ankangoimvera kwa makasitomala. Ndiye chichokere inu zinthu zinaipiratu. A Yohane anandilembera kuti makina anawafunditsa chiguduli, kusitolo anasiya kupita, amangokhala pakhonde kuyang'ana njira ya kumanda. Makalata atatu ndinalemba, yankho lake limodzimodzi: "Ndibwera."

Aneba kuno anayamba kumutchula mwanayu Dikirani. Poyamba ndinkaseka nawo, kenaka zinayamba kundiwawa. Mpongozi wanu Lameck sanadandaule ngakhale tsiku limodzi, ndimamuyamikira mwamuna ameneyu. Koma mukudziwa kuti kwawo ku Rumphi dzina limachokera kuchimuna, ndipo anangolekerera chifukwa cha ulemu wanu. Abusa atalengeza za ubatizo wa ana, azakhali a Lameck aja a ku Area 47 anabwera, nakhala pampando, chikwama pamiyendo.

"Eneless, ulemu wa malemu tapereka," anatero. "Koma Lamulungu likudzali mwana salowa m'tchalitchi ngati katundu wopanda adiresi. Loweruka madzulo mkulu wa mpingo akamabwera kudzalemba mayina, adada ako akakhala kuti sanafike, dzina ndili nalo ine."

Sindikanawatsutsa, ankanena zoona. Ndinalemberanso Abambo, ulendo uno mosanyengerera, kuti akapanda kubwera Loweruka mawu anu omaliza agwera pansi. Yankho linabwera ndi mayi wina wogulitsa nyemba: afika Loweruka pa basi ya masana, Lameck akawadikire kudepoti.

Pamenepo m'malo mokondwa ndinagwidwa ndi mantha. Munthu wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, wosaonapo ngakhale raundabauti, alowe yekha mu Lilongwe wa masiku ano? Ndinakhala pansi n'kuwalembera malangizo, masamba anayi athunthu, n'kupatsira mayi wa nyemba yemweyo. Ndikuuzeni zimene ndinalemba kuti muweruze nokha, chifukwa zina ndikuzinyadirabe mpaka pano.

Ndinawauza kuti avale nsapato zawo zakale zimene mapazi anazizolowera, osati zofinya zija amasungira Mgonero. Adye asananyamuke, ndipo atenge madzi m'botolo. Chikwama chikhale kutsogolo, pamimba, osati kumsana. Ndinati, Abambo, kuno musapatse moni aliyense amene mwakumana naye, anthu ndi ochuluka ngati nyerere, muuma kukhosi musanawoloke mlatho wa kumsika. Mukaona amayi atavala mabuluku musadabwe, masiku ano analoledwa, ndipo musawayang'anitsitse ngakhale mutati mukungoona kasokedwe. Powoloka msewu yang'anani uku ndi uku kawiri, galimoto ya m'tauni simva odi. Oitanira minibasi akakugwirani chikwama musachite mantha, ndi mmene amagwirira ntchito, koma inu musachisiye. M'minibasi amakhala anayi pampando wa anthu atatu, musayambe mlandu, ingopindani mawondo. Ndinalembanso kuti zikavuta n'kusemphana ndi Lameck, akwere minibasi ya ku 25, atsike pa Nsungwi, adutse chigayo, nyumba yachitatu ya chitseko chobiriwira ndi yathu.

Zonsezo zinali bwino. Koma kumapeto ndinawonjezera ziwiri, n'kuzidula mzere kunsi kawiri. Choyamba: musaime malo amodzi mukupenyapenya, akuba amadziwira pomwepo kuti uyu ndi mlendo. Chachiwiri: musafunse njira kwa munthu amene simukumudziwa, ngakhale aoneke waulemu bwanji.

Pali chifukwa chake, Amayi, ndipo ndikuululireni lero poti simungandikalipirenso. Chaka chija ndinabwera kuno koyamba kudzafuna ntchito yosankha fodya ku Kanengo, ndinafunsa njira kwa bambo wina wa tayi pafupi ndi depoti. Anandinyamulira chikwama mwaulemu, tinayenda pang'ono, analowa pakati pa anthu, basi sindinamuonenso. Munali madiresi anga awiri ndi nsalu ija munandipatsa. Ndinakunamizani kuti ndinaiwala m'basi. Kuyambira tsiku limenelo ndinatseka pakamwa panga m'tauni muno, ndipo ndinkayesa kuti kumeneko ndiye kuchenjera.

Loweruka linafika. Ndinadzuka m'mamawa, ndinakolopa, ndinapha nkhuku, mwana ndinamusambitsa kawiri. Lameck anapita kudepoti isanakwane 11 koloko. Azakhali anafika cha m'ma 2, chikwama chawo pamiyendo ngati kale, ndipo ine ndinkachiyang'ana chikwamacho ngati dzina lawolo lili m'kati mwake. Nthawi inkapita. Minibasi iliyonse ikaima kumsewu ndinkatuluka, mwana kumsana. Cha m'ma 3 Lameck anatulukira yekha, nkhope itagwa. Basi ya masana inafika, ina inafikanso, Abambo munalibe. Atazungulira kumsika anakumana ndi dalaivala wa lole ya kachewere wa kwathu konko, amene anamuuza kuti, "Madala aja atelala? Ndawatenga ine mbandakucha pa Mayani, anati basi ichedwa. Ndawatsitsa pamsika pano 9 koloko."

Amayi inu! Kuyambira 9 koloko! Lameck anangomwa madzi n'kubwereranso, akuti akayang'ane kuchipatala ndi kupolisi. Azakhali, amene ndinkawaona ngati mdani tsiku limenelo, ndi amene anandilanda mwana n'kundikhazika pansi.

"Usalire, mwana wane," anatero. "Munthu wamkulu sasowa. Ali ndi pakamwa, afunsa."

Mawu amenewo ndi amene anandilasa. Ndinakumbukira mizere iwiri ija ndinadula kunsi. Ndinakumbukiranso inu, mmene munkanenera ndikapsereza ndiwo chifukwa chochita manyazi kufunsa, kuti safunsa anadya phula. Ine mwana wanu ndinatenga bambo anga n'kuwasoka pakamwa ndisanawaponye m'tauni. Ndipo Abambo mumawadziwa, chinthu chikalembedwa papepala amachisunga ngati lamulo la Mose. Ndinawauza azakhali zimene ndinalemba. Sananditukwane. Anangopukusa mutu n'kuyamba kumuyimbira mwana nyimbo ya kwawo.

Dzuwa litapendeka, mithunzi ya mipanda itafika pakati pa msewu, ndinamva mawu panja akuti, "Odi kuno! Kodi chitseko chobiriwira n'chimenechi, kapena chilipo china chobiriwira kuposa apa?" Ndinathamanga osavala ndi patapata yemwe. Anali Abambo, fumbi mpaka m'mawondo, chikwama pamimba monga ndinawauzira, tepi yawo yoyezera ili m'khosi. Pambali pawo panali mayi wina wamfupi, wojintcha, amene sindinamuonepo chibadwire, ulusi woyera utamatirira pabulauzi yake. Ndinagwada pomwepo n'kuyamba kulira, iwo akungoti, "Taona nthabwala, munthu ndafika bwinobwino ndiye ukulira chiyani?"

Tsono imvani mmene anayendera, monga anatifotokozera okha atamwa madzi. Atatsika palole anaona kuti nthawi idakalipo yambiri Lameck asanabwere. Kuti aime adikire, kalata ikuti musaime malo amodzi. Ndiye anati bola akwere minibasi, akatidzidzimutse. Anapeza ya ku 25, oitanira akukuwa kuti twente faifi, twente faifi, koma munali anthu awiri okha. Pambali pake panali ina yodzaza, injini ikulira kale, akuti twente firii, munthu mmodzi yekha. Abambo anayang'ana tepi yawo.

"Ndinati, zaka makumi anayi ndikuyeza anthu," anatero, "kuchoka pa 23 kufika pa 25 ndi mainchesi awiri okha. Ndikhalirenji m'galimoto yopanda anthu? Ndikwere yonyamukayi, kotsalako ndikamaliza wapansi."

Azakhali anaseka mpaka anatsamwa. Inu simungadziwe, Amayi, poti nanunso simunafike kuno: manambala a malo a mu Lilongwe satsatana ngati makalasi a kusukulu. Area 23 ili kumwera, kupitirira Kawale, pamene ife tili kumpoto kwenikweni, kufupi ndi mafakitale a ku Kanengo. Pakati pake pali tauni yonse. Ife okhala muno tinazolowera moti sitiganizako n'komwe, ndipo m'masamba anayi onse aja chinthu chimenechi sindinachilembe.

Tsoka lake, manambala anayamba awavomera. Atatsika ku 23 anaona minibasi ina ikukuwa za ku 24, iwo n'kumatsata njira imene inalowera. Anayenda, anayenda, mpaka anawerenga pakhoma la golosale ina kuti Area 24. Akuti mtima unakhala pansi, anadziyamikira kuti telala ndi telala basi, kwatsala inchesi imodzi. Anapitirira. Anadutsa amayi oswa miyala m'mbali mwa phiri, anadutsa nyumba zomaliza, kutsogolo kunangoti minda yokhayokha. Anabwerera, analowera kwina, mindanso. Dzuwa lili paliwombo, madzi a m'botolo anatha. Anthu ankawadutsa ambirimbiri, ena mpaka kuwapatsa moni, iwo n'kumangoyankha ndi mutu. Kuti akhale pansi pa mtengo, akuti ankaopa kuoneka mlendo. Maola anayi, Amayi, bambo wachikulire akuzungulira m'makwalala a eni osaima, osafunsa, chifukwa choti mwana wake anatero. Pofotokoza pamenepa iwo ankaseka, koma ine ndinalowa kuchipinda kaye.

Chimene chinawapulumutsa ndi khutu. Akudutsa m'kanjira kena anamva makina osokera pakhonde la nyumba. Akuti ankathamanga pang'ono n'kuima, kuthamanga pang'ono n'kuima, kenaka munthu n'kutsonya. Anadutsa. Anabwereranso. Anadutsanso kachiwiri, koma mtima unakana. Anaima pampanda n'kuvula chipewa.

"Zikomo mayi. Sindikufunsa njira ayi. Koma makina anuwo akulira molakwika."

Mayiyo ndi yemwe anabwera nawo uja, dzina lake NyaMhango, kwawo ku Mzimba. Makinawo anali atangowagula kumene, kusoka akuphunzira, ndipo anali ndi mayunifomu a ana asukulu ofunika Lolemba. Kuyambira m'mawa ulusi unkangoduka. Iye anatifotokozera yekha kuti, "Ine ndinaona adada a fumbi, tepi m'khosi, ndinati kaya ndi mngelo kaya ndi wamisala, koma ulusi wandikwana, bwerani muone." Abambo anakhala pampando, anayang'ana kamodzi, n'kupeza kuti singano anaiika chotembenuza. Anaitembenuza, anamasula kasikuluwu ka bobini pang'ono, anapempha kansanza koyesera. Mzere unatuluka woongoka ngati wojambula ndi rula. Ndiye poti phazi linali litakhala kale pachopondera, anati aone kolala imodzi. Itatha kolala anati aone manja. Pomwe NyaMhango ankabwera ndi thobwa, yunifomu yachiwiri inali itatha.

Amayi, amenewo anali makina oyamba kuwakhudza chichokere inu.

Anali NyaMhango amene anafunsa. Akuti anadikira amwe kaye thobwa, n'kunena kuti, "Adada, pepani, kodi ulendowu ngwakuti?" Abambo anaganiza n'kuona kuti kalata inaletsa kufunsa, koma kuyankha sinaletse. Anati akupita ku 25 kwa mwana wawo, ndipo akudziwa kuti ndi pafupi pompano, kungoti njira yawazemba pang'ono. Mayiyo akuti anakhala pansi padothi ndi kuseka.

"Adada imwe! Twente faifi? Kuno ndi ku Ngwenya! Manambala a muno musawakhulupirire, anachita kuwamwaza ngati mapira. Kuti muyende wapansi mukafika mawa. Bwanji osafunsa?"

Abambo anatulutsa kalata yanga n'kumuonetsa mzere uja. NyaMhango anawerenga masamba onse anayi. Atamva za mwana wopanda dzina ndi za mkulu wa mpingo wobwera madzulo, sanazengereze. Analowetsa makina m'nyumba, anasiyira aneba ana ake, anamanga nsalu, n'kunena kuti tiyeni. Minibasi ziwiri, kudutsa tauni yonse, kuperekeza munthu amene wamudziwa tsiku lomwelo, mayunifomu a eni ake ali pomwepo osatha. Ine ndakhala muno zaka zisanu ndi ziwiri ndikuuza aliyense kuti anthu a m'tauni alibe chisoni. Ndinachita manyazi pomuyang'ana mayi ameneyu.

Ndipo akuti m'njira monse Abambo anabweza ngongole ya mafunso a tsiku lonse. Anakhala pawindo. Anafunsa chifukwa chake magalimoto amazungulira pa raundabauti m'malo mongodutsa pakati. Anafunsa ngati anthu okhala m'nyumba zosanjikana samva chizungulire. Anafunsa mtsikana wina wa buluku amene anamusokera, n'kumuuza kuti zipi anaiika bwino. Ataona nkhokwe zazitali za simenti zija za ku Kanengo anafunsa kondakitala kuti potapa chimanga amakwera bwanji. Minibasi yonse inkawayankha molimbirana, wina uku wina uku, ndipo potsika pa Nsungwi kondakitala anakuwa kuti, "Madala, mudzabwerenso, mwatikometsera ulendo!"

Lameck anabwerera ali wefuwefu n'kuwapeza apongozi ake akusamba m'manja. Posakhalitsa mkulu wa mpingo anafika ndi buku lake. Tinakhala tonse pabalaza, NyaMhango yemwe, poti tinamukaniza kupita asanadye. Ndinagwada n'kuwapatsa Abambo mwana. Anamulandira, anamuyang'ana nthawi yaitali, chala chawo chokhakhala chija chili m'kadzanja kake. Ine ndinkadikira kumva mawu anu omaliza.

"Eneless," anatero, "ndiyambe ndaulula. Amako sanandisiyire dzina lililonse."

Azakhali anasuntha pampando.

Abambo anapitiriza: "Kutatsala masiku awiri kuti atisiye, anandiitana. Anati, aPhiri, ndikudziwani ine, ndikangopita mukhala pakhondepo mpaka muolere pomwepo. Ndiye mukauze Eneless kuti dzina la mwana lili ndi inu, ndipo simungalinene pokhapokha mutafika kwake. Ine ndinafunsa kuti nanga dzinalo ndi liti? Anati, telala wamkulu ngati inu mungalephere kusoka dzina limodzi? Miyezi yonseyi ndimachedwa chifukwa ndinalibe choti ndibweretse. Ndanyamuka m'mawa uno ndilibe dzina, ndimati kaya ndikanena chiyani."

Amayi, ndinu ochenjera inu! Muli pamphasa, mpweya ukuvuta, munali mukuganiza za mmene mungamudzutsire mwamuna wanu pakhonde. Ndinalira ndi kuseka nthawi imodzi, ndipo sindikudziwa kuti chinayamba n'chiti.

Abambo anamukweza mwana pang'ono, n'kundiyang'ana ine ndi diso lija amayang'anira kasitomala amene akukana kuti wanenepa.

"Koma tsopano ndili nalo. Uyu ndi Funsani."

Onse anaseka, ine ndinabisa nkhope m'nsalu. Mkulu wa mpingo anayang'ana kwa azakhali, cholembera chili m'mwamba, poti ankadziwa za nkhani ija. Azakhali anati, "Kwathu timati Fumbani. Lilipo dzina limenelo, ndi la anthu. Lembani." Dzina limene anabwera nalo sanalitchule, ndipo mpaka lero sindikulidziwa. M'mawa mwake Funsani anabatizidwa, analira mokweza moti abusa anachita kubwereza mawu.

Abambo anati akhala masiku awiri, anakhala masiku khumi. Lolemba anadzuka m'mawa n'kunena kuti akupita ku Ngwenya kukamaliza mayunifomu aja, okha, ndipo anakafika. Tsiku lina anapita kutauni kukagula masingano ndi mafuta a makina, anabwerako akudziwa mayina a anthu asanu ndi mbiri ya aliyense. Anakafika kumsika wa kaunjika, anatembenuza majekete kuona m'kati mwake, anabwera akung'ung'udza kuti zovala zimenezi zipha atelala, koma akuyamikira kasokedwe ka matumba. Pamzere wathu uno anakonza makina atatu. Amayi a Chisomo a kuseri kuno mpaka pano amandifunsa kuti agogo abweranso liti. Chikwama ankachiikabe pamimba, ndipo powoloka msewu ankayang'ana kawiri, choncho musati malangizo anga onse anapita pachabe. Tsiku lina ndinawapeza atatenga kalata yanga ija akukonza ndi pensulo. Mizere iwiri ija anaifafaniza, m'munsi mwake analemba kuti: "Ukasochera pita pamene munthu akugwira ntchito yake, wakuba sakhala pa makina." Akuti akaisunga kuti ikathandize ena a ku Mayani obwera kuno.

Dzulo ndalandira kalata ya a Yohane. Akuti chiguduli chija anachichotsa, makina abwerera pakhonde la sitolo, ndipo Abambo akutopetsa anthu ndi nkhani za ku Lilongwe, ngati kuti anakhalako zaka khumi.

Chimodzi chokha ndasunga kuti ndikuuzeni pomaliza. Tsiku lobwerera ndinawaperekeza kudepoti, Funsani ali kumsana. Atakhala kale m'basi anatsegula windo n'kundiitana.

"Eneless, iwe wakhalitsa m'tauni. Kodi kumene kuli amako ndi Area chani?"

Ndinati sindikudziwa, Abambo.

"Usadandaule," anatero. "Nthawi ikadzakwana ndidzafunsa. Koma ukamawalembera uwauze asandidikire msanga, ndili ndi madiresi a Khirisimasi a anthu."

Ndiye ndakuuzani, Amayi. Musawadikire msanga, tikuwafunabe kuno. Ndikulonjeza kuti mvula isanagwe ndibwera naye Funsani ku Mayani, ndidzamukhazike pafupi ndi pamene munagona kuti mumuone mmene wanenepera, ndipo ndidzalimira pamanda panu ndi manja angawa. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri.

Ndine mwana wanu,
Eneless